Kukonzanso chotchingira mipeni cha makina akale a jointer

Chotchingira mipeni ndi mbali ya makina opalira matabwa otchedwa jointer imene imaphimba mipeni yozungulira kuti dzanja la mmisiri lisaikhudze. Pa makina akale, makamaka amene anapangidwa ku United States ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1900, chotchingirachi nthawi zambiri chimapezeka chitasowa, chitasweka, kapena chitagwidwa ndi dzimbiri moti sichibwereranso chokha pamalo pake. Kuchikonzanso ndi ntchito yochiyeretsa, kuchilumikiza pomwe chasweka, kubwezera sipuling'i yake, kapena kupanga china chatsopano ngati choyambacho chinatayika. Ntchitoyi imaonedwa kuti yatheka pamene chotchingira chikutseka mipeni chokha nthawi iliyonse thabwa likangodutsa. Maonekedwe ndi penti zimabwera pambuyo.

Makina a jointer ndi ntchito yake

Jointer ndi makina osalaza mbali imodzi ya thabwa ndi kuwongola m'mphepete mwake kuti matabwa awiri agwirane bwino akamalumikizidwa. Dzina lakuti jointer ndi la ku America. Ku Britain makina omwewa amatchedwa planer kapena surface planer. Ali ndi matebulo awiri aatali achitsulo: tebulo lolowera, pomwe thabwa limayambira, ndi tebulo lotulukira, pomwe limafikira litapalidwa. Pakati pa matebulowa pali mpata, ndipo mumpatamo muli mutu wa mipeni, chitsulo chobulungira chomwe chimanyamula mipeni iwiri, itatu kapena inayi. Cham'mbali kuli fensi, chitsulo choimirira chomwe thabwa limatsamira.

Tebulo lolowera limakhala lotsikirako pang'ono kusiyana ndi lotulukira, ndipo kusiyana kumeneku ndi komwe kumanena kuchuluka kwa mtengo umene mipeni ichotse. Kukula kwa makina kumawerengedwa ndi utali wa mipeni. Ang'onoang'ono amakhala a mainchi 4, 6 kapena 8, pomwe a m'mafakitale amafika mainchi 12, 16 kapena kupitirira apo.

Mutu wa mipeni umazungulira maulendo 4,000 mpaka 5,000 pa mphindi imodzi pa makina ambiri. Mutu wa mipeni itatu wozungulira maulendo 5,000 umadula ka 15,000 pa mphindi, kutanthauza ka 250 pa sekondi imodzi. Mmisiri amakankha thabwa ndi manja, kotero manja ake amadutsa pafupi kwambiri ndi mipeniyo. Chala chikakhudza, mipeni imachisenga mobwerezabwereza munthu asanathe kuchotsa dzanja, ndipo mbali yosengedwayo sitheka kuilumikizanso kuchipatala. Ichi ndi chifukwa chake chotchingira chimawerengedwa ngati mbali yogwira ntchito ya makinawa mofanana ndi mipeni kapena mota.

Mbiri ndi malamulo

Makina oyambirira a mtunduwu, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anali ndi mutu wa mipeni wa mbali zinayi, ndipo ambiri ankagulitsidwa opanda chotchingira. Mutu wotere umasiya mipata ikuluikulu pakati pa mipeni ndi matebulo, moti chala chikalowa umakokera dzanja lonse mkati. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mafakitale anayamba kupanga mitu yobulungira, yomwe imachepetsa mpatawo, ndipo zotchingira zinayamba kufala.

Makampani odziwika amene anapanga makinawa ndi monga Oliver ya ku Grand Rapids m'chigawo cha Michigan, Crescent ya ku Leetonia ku Ohio, Powermatic ya ku McMinnville ku Tennessee, Walker-Turner ya ku Plainfield ku New Jersey, ndi Delta, yomwe Herbert Tautz anayambitsa ku Milwaukee mu 1919 ndipo inagulidwa ndi kampani ya Rockwell mu 1945. Ku Britain kunali Wadkin, yomwe inayamba ku Leicester mu 1897. Matupi a makina a makampaniwa ndi a chitsulo chokhuthala chothiridwa m'chikombole, chotchedwa cast iron, ndipo ambiri akugwirabe ntchito lero ngakhale timbali tawo ting'onoting'ono tinatha kapena kusowa.

Ku United States, lamulo la bungwe loona za chitetezo pa ntchito la OSHA, lolembedwa pa ndime 29 CFR 1910.213, limanena kuti jointer iliyonse yokankha ndi manja ikhale ndi mutu wobulungira, ndipo mipeni isatuluke kupitirira 1/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 3, kuchokera pa mutuwo. Limanenanso kuti pakhale chotchingira chodzisuntha chokha, chophimba mbali yonse ya mutu yomwe ili kutsogolo kwa fensi, ndipo chizikhudza thabwa nthawi zonse pamene likudutsa. Mbali ya mutu yomwe ili kuseri kwa fensi iyeneranso kuphimbidwa. Ku Britain, malamulo a Woodworking Machines Regulations a 1974 ankalamula chotchingira cha mtundu wa mlatho, ndipo masiku ano nkhaniyi ili pansi pa malamulo a PUWER a 1998. Malamulowa amakhudza malo a ntchito, koma okonza makina akale m'nyumba zawo amawagwiritsanso ntchito ngati muyeso.

Mitundu ya zotchingira

Chotchingira chozungulira ndi chomwe chimapezeka pa makina ambiri a ku America. Ndi chitsulo chafulati chokhota, ndipo amisiri a kumeneko amachitcha pork chop chifukwa chimaoneka ngati nthuli ya nyama ya nkhumba. Chili ndi ndodo yoimirira yomwe imalowa m'bowo la m'mphepete mwa tebulo lolowera, ndipo chimazungulira pa ndodoyo. Sipuling'i imachikankhira ku fensi. Thabwa likamalowa limachikankha kuti chitseguke mofanana ndi kukula kwake, ndipo likangodutsa sipuling'i imachibweza. Kuipa kwake ndi kwakuti thabwa lalikulu limachitsegula chonse, moti kumapeto kwa thabwa kukangodutsa mipeni imakhala poyera kwa kanthawi chisanatseke.

Chotchingira cha mlatho chimapezeka pa makina a ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya. Ndi chitsulo chachitali chomwe chimayala pamwamba pa mutu wa mipeni, ndipo mmisiri amachikweza, kuchitsitsa kapena kuchisuntha cham'mbali ndi manja, kenako nkuchimanga. Posalaza nkhope ya thabwa, thabwalo limadutsa pansi pa mlatho pomwe manja amadutsa pamwamba pake. Powongola m'mphepete, mlatho umatsitsidwa mpaka pa tebulo ndi kusunthidwa kuti pakhale mpata wongokwanira thabwa. Malangizo a ku Britain amati mipata yotsala pakati pa mlatho ndi thabwa, kapena pakati pa mlatho ndi fensi, isapitirire mamilimita 10.

Chachitatu ndi chotchingira cha kuseri kwa fensi. Fensi ikakokeredwa kutsogolo, mbali ina ya mipeni imatsala poyera kumbuyo kwake. Pa makina ena mbali imeneyi imaphimbidwa ndi chitsulo chomwe chimanyamula fensiyo, ndipo pa ena pamakhala kachitsulo kapadera komwe kamasowa kawirikawiri.

Chomwe chimawononga zotchingira

Chifukwa chachikulu chomwe zotchingira zimasowera ndi chakuti anthu amazichotsa dala. Makina ambiri akale amatha kusema kakhonde m'mphepete mwa thabwa, monga komwe galasi limakhala pa felemu ya windo. Ntchito imeneyi, yomwe m'Chingerezi imatchedwa rabbet kapena rebate, imachitika chotchingira chozungulira chitachotsedwa. Ena amachichotsanso pofuna kupala thabwa lalikulu kuposa mipeni. Chikaikidwa pambali nkuiwalika, makina amagulitsidwa opanda chotchingira.

Pomwe chilipo, vuto lofala ndi la sipuling'i. Imatha mphamvu, imathyoka pomwe yapindidwa kumapeto, kapena imachoka pamalo pake. Utuchi wosakanikirana ndi utomoni ndi mafuta akale umauma m'bowo la ndodo nkuigwira. Dzimbiri limachita chimodzimodzi pa makina amene anakhala m'malo a chinyezi. Makina akagwa kapena akanyamulidwa mosasamala, ndodo imapindika, ndipo chotchingira cha cast iron chimasweka chifukwa chitsulo chimenechi sichipindika. Chotchingira chomwe chinatsika nkukhudza mipeni chimakhala ndi zipsera kunsi kwake.

Kuunika ntchito isanayambe

Ntchito iliyonse imayamba makina atachotsedwa ku magetsi, pulagi itazulidwa. Kuzimitsa pa switchi kokha sikokwanira. Mipeni imacheka ngakhale itaima, kotero okonza ambiri amaiphimba ndi kathabwa kapena katoni yokhuthala, kapena amaichotsa kaye.

Kenako makina amazindikiridwa pogwiritsa ntchito kachitsulo kolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Nambala imeneyi imathandiza kupeza buku la malangizo ndi chithunzi chosonyeza timbali tonse ndi mmene timalowerana. Mabuku ambiri a makina akale a ku America anasungidwa pa intaneti pa VintageMachinery.org. Chithunzicho chimaonetsa ngati pali wochala, sikuluwu kapena chivindikiro chomwe chinasowa.

Mutu wa mipeni umaunikidwanso pa nthawiyi. Ngati ndi wa mbali zinayi, chotchingira chokha sichithetsa vuto, ndipo makinawo sayenera kugwiritsidwa ntchito mpaka ataikidwa mutu wobulungira. Chomaliza ndi kudziwa chitsulo chomwe chotchingira chinapangidwira, chifukwa njira yoyeretsera ndi yowotcherera imadalira zimenezi. Maginito amamata pa cast iron ndi pa chitsulo wamba, koma samata pa aluminiyamu kapena pa chitsulo chosakaniza ndi zinki.

Kumasula ndi kuyeretsa

Pa makina ang'onoang'ono ambiri, sipuling'i imakhala m'kachikho komwe kali kunsi kwa tebulo, ndipo kumapeto kwa ndodo kuli kamng'alu komwe kamakola waya wa sipuling'iyo. Pa ena sipuling'i ili m'chivindikiro pamwamba pa chotchingira. Kujambula zithunzi pa sitepe iliyonse kumathandiza pobwezera. Sipuling'i yokungidwa imatha kudumpha ikamasulidwa, kotero magalasi oteteza maso ndi ofunika, ndipo mphamvu yake imachotsedwa pang'onopang'ono kachikho katagwiridwa ndi dzanja.

Ndodo yogwidwa ndi dzimbiri imathiridwa mafuta olowerera ndi kusiyidwa kwa maola angapo kapena masiku. Kenako imagwedezedwa pang'onopang'ono uku ndi uku. Kuimenya ndi hamala yachitsulo kumafufumitsa mutu wake kapena kuswa m'mphepete mwa tebulo, zomwe ndi zovuta kukonza kuposa chotchingira chenichenicho. Ngati kumenya kuli kofunika, pamaikidwa kamtengo kapena kachitsulo kamkuwa pakati.

Utomoni ndi mafuta ouma zimachoka ndi palafini ndi bulashi. Dzimbiri lochepa limachoka ndi bulashi ya waya kapena sandipepa yosalala. Dzimbiri lambiri limachotsedwa poviika chitsulo mu viniga kapena m'mankhwala ochotsera dzimbiri, kenako nkuchitsuka ndi kuchiumitsa msanga. Njira ina ndi ya magetsi: chitsulo chimaviikidwa m'madzi osungunuliramo soda wochapira, chimalumikizidwa ku waya wa negetivu wa chochajira mabatire a galimoto, ndipo waya wa pozitivu umalumikizidwa ku chitsulo china chosafunika chomwe chili m'madzi omwewo koma osakhudzana ndi choyambacho. Njirayi imatulutsa mpweya wa haidirojeni, womwe umayaka, kotero imachitikira pamalo opita mphepo. Si yoyenera aluminiyamu kapena zinki. Masipuling'i saviikidwa mu asidi kapena kuyeretsedwa ndi magetsi, chifukwa haidirojeni imalowa m'chitsulo cholimba nkuchichititsa kuthyoka mosavuta.

Penti ya makina akale ikhoza kukhala ndi mtovu. Dziko la United States linaletsa penti ya mtovu ya m'nyumba mu 1978, ndipo makina ambiri amene akukonzedwa lero ndi akale kuposa chakachi. Fumbi la penti yotere ndi loopsa, makamaka kwa ana, kotero imachotsedwa ili yonyowa kapena ndi mankhwala osungunula penti, osati ndi chopukusira chamagetsi kapena moto.

Sipuling'i

Sipuling'i ya chotchingira chozungulira nthawi zambiri ndi yopota, ndiye kuti imagwira ntchito popotedwa osati pokokedwa. Ina ndi ya waya wobulungira wokulungidwa, ina ndi ya chitsulo chafulati chokulungidwa ngati cha m'wotchi, ndipo makina ena ali ndi sipuling'i yokoka yomangidwa ku kamkono. Sipuling'i yomwe yangochoka pamalo pake imabwezeretsedwa ndi kukungidwanso. Yothyoka kapena yotha mphamvu imasinthidwa. Kuitenthetsa ndi moto pofuna kupindanso kumapeto kwake kumachotsa kulimba kwa chitsulo pamalo otenthedwawo, ndipo sichedwa kupindika kapena kuthyoka.

Pofunafuna yatsopano pamayezedwa kunenepa kwa waya, kukula kwa mkombero mkati ndi kunja, chiwerengero cha mikombero, ndi mmene kumapeto kwake kwapindidwira. Mbali yomwe waya anakulungidwira ndi yofunikanso, chifukwa pali masipuling'i akumanja ndi akumanzere. Yoyenera ndi yomwe imamangika kwambiri chotchingira chikamatseguka. Yotembenuka imamasuka m'malo momangika ndipo imawonongeka msanga. Ngati yofanana siikupezeka, amisiri ena amakulunga yawo ndi waya wolimba wotchedwa music wire pa kachitsulo kocheperako pang'ono kusiyana ndi mkombero wofunikawo, chifukwa waya umafutukuka ukasiyidwa.

Ming'alu, kupindika ndi kukula kwa bowo

Cast iron yosweka imalumikizidwa ndi mkuwa wosungunula kapena kuwotchereredwa ndi ndodo za nikelo. Chitsulocho chimatenthetsedwa kaye chonse, ndipo ntchito ikatha chimasiyidwa kuti chizizire pang'onopang'ono, mwachitsanzo mu mchenga wouma, kuti chisang'alukenso. Kuboola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'alu kumauletsa kupitirira. Aluminiyamu imatha kuwotchereredwa ndi makina a TIG. Chitsulo cha zinki chimasungunuka pa moto wochepa ndipo ndi chovuta kuwotcherera, kotero chikasweka pafupi ndi ndodo chimangosinthidwa. Guluu wa epoxy amathandiza kutseka timaenje ta maonekedwe, koma sadaliridwa pamalo onyamula mphamvu ya sipuling'i.

Ndodo yopindika imachititsa chotchingira kukhula pa tebulo mbali ina ndi kukwera mbali ina. Kupindikaku kumaoneka ndodo ikagubuduzidwa pamalo afulati. Imawongoledwa pa vaisi kapena kusinthidwa ndi yatsopano yosulidwa pa makina a lathe. Bowo likakula chifukwa cha kutha, chotchingira chimalendewera ndipo nsonga yake ikhoza kukhudza mipeni. Vutoli limathetsedwa pokuza bowolo pang'ono ndi kulowetsamo kachubu kamkuwa kokwanira bwino ndodo.

Kupanga chatsopano

Ngati chotchingira chinasowa, china chimatha kupezeka pa makina akufa a mtundu womwewo. Makina amakono ambiri a mainchi 6 ndi 8 anatengera kapangidwe ka akale, kotero chotchingira chawo nthawi zina chimakwanira ndodo ikasinthidwa. Njira ina ndi kupanga chatsopano ndi plywood yolimba, thabwa la mtengo wolimba kapena aluminiyamu yafulati. Ubwino wa mtengo ndi aluminiyamu ndi wakuti zikakhudza mipeni mwangozi siziiswa ngati mmene chitsulo cholimba chingachitire.

Maonekedwe ake amayamba ajambulidwa pa katoni. Katoniyo imabooledwa pomwe padzakhale ndodo, imaikidwa pa makina, ndipo imazunguliridwa fensi ili kumbuyo kwenikweni, pakati, ndi kutsogolo. Paliponse pomwe fensi ili, katoniyo iyenera kuphimba mipeni yonse kuchokera m'mphepete mwa tebulo mpaka pa fensi. M'mphepete momwe thabwa limagunda mumakhala mokhota bwino ndi mosalala kuti thabwa lizikankha chotchingira popanda kukodwa. Katoni ikakwanira, maonekedwe ake amasamutsidwira pa thabwa kapena aluminiyamu.

Kubwezera ndi kuyesa

Penti imapakidwa pa thupi la chotchingira chokha. Ndodo, mkati mwa bowo ndi m'mphepete mokhudza thabwa zimasiyidwa zopanda penti. Ena amabwezera mtundu woyamba wa kampani, ndipo ena amasankha wofiira kapena wachikasu kuti chizioneka msanga. Pa ndodo pamapakidwa phula kapena mafuta ouma, chifukwa girizi amakola utuchi nkuyambitsanso vuto lomwe lija.

Pa makina a kachikho ka kunsi, kachikhoko kamapotedwa kaye pang'ono, nthawi zambiri theka la mkombero, kenako ndodo imatsitsidwa kuti kamng'alu kake kakole sipuling'i. Mphamvu ikachepa, ndodo imazulidwa ndipo kachikho kamapotedwanso theka lina. Mphamvu yopitirira muyeso nayonso ndi vuto, chifukwa imakankha thabwa lopyapyala ndi kulemetsa ntchito, ndipo chotchingira chovutitsa ndi chomwe anthu amachichotsa.

Kuyesa kumachitika pulagi ikadali yozula. Fensi imakankhidwira kumbuyo kwenikweni, chotchingira chimatsegulidwa chonse nkusiyidwa, ndipo chiyenera kubwerera mwachangu mpaka kugunda fensi. Kenako chimatsegulidwa pang'ono chabe nkusiyidwanso, chifukwa sipuling'i yofooka imalephera kwambiri chakumapeto kwa ulendo wake. Thabwa limadutsitsidwa choimirira ndi chogona kuti zioneke ngati chotchingira chikulikhudza nthawi yonse ndi kutseka likangodutsa. Chotchingira chomangidwa pa tebulo lolowera chimatsika limodzi ndi tebulolo, kotero tebulo limatsitsidwa mpaka pamuyeso waukulu wogwiritsidwa ntchito, ndipo mutu wa mipeni umazunguliridwa pokoka lamba ndi dzanja kuti zitsimikizike kuti palibe mpeni womwe ukukhudza. Mpata wa pakati pa chotchingira ndi tebulo ukhale waung'ono moti chala kapena thabwa lopyapyala sizingalowe pansi.

Pa chotchingira cha mlatho chomwe chimayesedwa ndi zomangira zake. Mlatho uyenera kukwera, kutsika ndi kusuntha mosavuta, kufika mpaka pa fensi ngakhale ili kumbuyo kwenikweni, ndipo ukamangidwa usasunthe dzanja likautsamira.

Malire a chotchingira

Okonda makina akale amasiyana maganizo pa nkhani yosunga chilichonse monga chinachokera ku fakitale. Pa makina ongoonetsa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, chotchingira choyamba chimasungidwa ngakhale chili chofooka. Pa makina ogwira ntchito, ambiri amaika chotchingira chomwe chimaphimba bwino, nkusunga choyambacho padera kuti chidzapite limodzi ndi makinawo akadzagulitsidwa.

Chotchingira chokonzedwa bwino sichichotsa ngozi zonse. Sichiletsa thabwa kubwerera m'mbuyo mwamphamvu mipeni ikakumana ndi mfundo kapena ikadula mozama. Mabuku a malangizo a makina ang'onoang'ono amaletsa kupala thabwa lalifupi kuposa mainchi 12, pafupifupi masentimita 30, ndiponso kudula mozama kuposa 1/8 ya inchi pa ulendo umodzi. Amalangizanso kukankha thabwa ndi timatabwa tokhala ndi zogwirira kuti manja akhale pamwamba, kutali ndi mipeni. Popeza utuchi umadzazanso m'bowo la ndodo ndipo sipuling'i imafooka pakapita nthawi, chotchingira chimatsegulidwa ndi kusiyidwa kuti chibwerere chokha tsiku lililonse makina asanayatsidwe.